Mutu umene ndinabwera nawo ku Joni

Pachipumi panga pali chipsera chakuda, chotukuka pang'ono, pakatikati penipeni, pamalo amene munthu amagunditsa pamkeka akamasujudu. Anthu oswali kwambiri amakhala ndi chizindikiro chotere, ndipo kwathu kuno ku Namwera timachipatsa ulemu. Changachi si cha swala. Ndi cha chitsulo cha mumgodi.

Ndinapita ku Joni ndili mkamwini wa ana awiri m'mudzi mwa mkazi wanga, Abiti Jafali. Munda unali wa kwawo, nyumba inali ya udzu, ndipo ganyu ya pa esiteti ya fodya sinkatifikitsa patali. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanalire. Anangoti, "Anzanu amabwera ndi njinga ndi wailesi. Inu mukangobwera ndi miyendo yonse iwiri ndi manja omwe, ine zandikwanira." Mutu sanautchule. Palibe amene ankauwerengera.

Lole inatitsitsa phiri mpaka ku boma la Mangochi, kumene anatiyeza zifuwa ngati ng'ombe za pamsika. Kuchoka apo Blantyre, kenako ndege. Za ulendowo ndimakumbukira kuzizira kokha.

Ku hositelo tinkagona pa mabedi a simenti osanjikizana. Pamwamba panga pankagona Ngozo, Mngoni wa ku Ntcheu, wa tchalitchi Lamulungu ndi wa mowa masiku ena onse. Ndiye amene ankandisungira malo ndikafuna kuswali. Ndinkayala katoni pakati pa mabedi, iye n'kukhala pakhomo atatambasula miyendo kuti oledzera asandiponde.

"Dutsani uko," ankatero. "Mchawa wanga ali pa foni ndi Mulungu."

Ntchito yanga yoyamba pansi inali yogogoda denga. Akaphulitsa miyala, utsi n'kutha, tinkalowa ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda pamwamba, makutu ali tcheru. Mwala wolimba umalira mwakuthwa. Wosweka umalira ngati mgolo wopanda kanthu, ndipo umenewo umafunika kuugwetsa usanagwe wokha. Tsiku lina ndinagogoda wina, koma unagwa ndi mnzake wa pambali, waukulu ngati dzungu, n'kufikira pa chipewa cholimba chija. Ndinadzidzimuka ndili pafupi ndi chikepe, Ngozo akundikupiza ndi malaya. Ku chipatala cha pamgodi anandiunika m'maso ndi tochi, anandigoneka pang'ono, n'kundibweza ku shifiti. Kumeneko wodwala anali wothyoka kapena wotuluka magazi. Kukomoka kunali ngati kupunthwa.

"Osadandaula," anatero Ngozo. "Mutu wa Mchawa ndi wolimba. Wazolowera kugunda pansi kasanu pa tsiku."

Ndinaseka nawo. Nthawi imeneyo zinali zosekadi.

Kachiwiri inali ngolovani, ngolo yachitsulo yonyamula miyala, imene inabwerera m'mbuyo n'kundikankhira kukhoma. Kachitatu sikunali n'komwe kuntchito. Kunabuka ndewu ya mitundu ku hositelo, ine ndikuchokera ku mpopi ndi ndowa, ndipo wina amene sindinamuone nkhope anandipeza ndi chibonga kunkhongo. Sindikudziwa kuti ankaganiza kuti ndine ndani. Mwina nayenso ankangothawa, n'kumenya chilichonse chomwe chinali patsogolo pake. Komaliza inali paipi ya mpweya. Inaphulika, ndipo chitsulo cha kumapeto kwake chinandimenya pachipumi, m'munsi mwa chipewa. Apo ndiye ndinatuluka magazi, ndipo anandiwerengera m'gulu la odwala.

Bala linapola. Mutu ndiye unayamba.

Umayamba ndi timadontho towala pakona pa diso lakumanzere, tothwanima ngati usipa ukamatembenuka m'madzi. Kenako khosi limauma. Kenako kumbuyo kwa disolo kumabwera chinthu chonga msomali, ndipo mtima ukagunda, wina amaukhoma. Kuwala kumapweteka. Mawu a munthu amapweteka, ngakhale akukufunira zabwino. Umasanza mpaka m'mimba mutatsala ndulu yokha. Dokotala anajambula mutuwo, anayang'ana chithunzicho pawindo, n'kunena kuti fupa ndi lathunthu. Sananame. Anandipatsa mapiritsi, ndipo anandichotsa pansi n'kundipatsa tsache la pabwalo.

Chimene sindinauze dokotala, chifukwa sindinkadziwa kuti ndingachinene bwanji m'chilankhulo cha kumgodi, n'chakuti chinthu chodzutsa mutuwo kuposa zonse chinali kuwerama. Ndikaika chipumi pansi, magazi ankathamangira kumaso, msomali uja n'kuyamba. Ndinayamba kusujudu mothamanga, kungokhudza n'kudzuka ngati nkhuku yojompha. Ngozo anaona.

"Bwanji, mwakangana ndi abwana ako? Masiku ano sukuchedwa pa foni."

Ngozo sanafunsenso. Kuyambira tsiku limenelo ankaviika thaulo lake m'madzi n'kulisiya pabedi langa. Kontalakiti itatha tinamva kuti a kwathu sadzalembedwanso. Tinasiyana pa Blantyre, iye wa ku Ntcheu ine wa ku Mangochi, ndipo sitinaonanenso.

Mudzi ndinaupeza utasintha. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika pamalire, ndipo anthu anali atawoloka ndi mitolo pamutu. Ambiri sanali alendo. Anali azisuweni, azilamu, anthu amene tinkapitirana pa maliro ndi pa zinamwali. Munda wa Abiti Jafali unali utagawidwa kuti abale ake a kutsidya apezeko pobzala, ndipo paliponse pamene ndinasiya tchire panali tizisakasa. Masiku ena mfuti zinkamveka kuseri kwa mapiri ngati wina akuwaza nkhuni kutali. Ana anga anandipatsa moni wa alendo.

Ndalama zimene ndinkatumiza mkazi wanga anamangira nyumba ya njerwa, ya malata. Anandizungulitsa monyadira, chipinda ndi chipinda. Mvula yoyamba itagwa pa malatawo ndinatuluka nditagwira makutu, n'kukagona m'khitchini ya udzu pamodzi ndi nkhuku. M'mawa anandipeza momwemo. Anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndiye kuti nyumba yonse ija ndamangira mbewa?"

Ndinamufotokozera zonse. Anakhala pansi n'kumvetsera mpaka ndinamaliza, zimene sizinali khalidwe lake. Kuyambira pamenepo mutu wanga unakhala ntchito yake. Ankandiona m'maso n'kudziwa kuti wayamba ine ndisananene. Ankatseka zenera ndi chiguduli, n'kundimanga nsalu yonyowa mothina, n'kuthamangitsira ana kwa azakhali awo. Azimayi akayamba kusinja pafupi ankatuluka n'kukuwa, "Pitani nawo mtondowo ku mango uko! Mukusinja mutu wa mwamuna wanga!" Kukuwa kwakeko kunkapweteka kuposa mtondo, koma sindinamuuzepo.

Tinayesa zimene anthu amayesa. Ananditema mphini m'mbali mwa makutu. Ndinamwa kombe, madzi otsukira mavesi amene mwalimu analemba pambale. Tinatsika phiri kupita kuchipatala cha ku boma, kumene anandipatsa mapiritsi onga a ku Joni aja. Chilichonse chinkathandiza pang'ono kapena osathandiza. Chimene chinandithandiza kwenikweni chinali kuphunzira makhalidwe a mutuwo, monga umaphunzirira munthu wovuta amene ukhala naye nyumba imodzi. Sufuna dzuwa la masana. Sufuna njala kapena ludzu. Sufuna khasu. Ndinasiya kulima n'kuyamba kuluka mikeka, nditakhala chowongoka pakhonde, ntchito nditaikoleka pa mtanda kuti ikhale molunjika ndi maso. Timadontho tija tikangoyamba ndinkasiya zonse n'kulowa mumdima, osadikira kuti ndimalize mzere.

Abiti Jafali anamwalira dzinja lina pamene matenda otsegula m'mimba anadutsa m'midzi yodzaza ija. Anadwala masiku ochepa. Sindilemba zambiri za zimenezo. Abale ake akanatha kundiuza kuti ndibwerere kwathu, monga mwambo umalolera mkamwini akaferedwa. Sanatero. Malume ake, Che Bwanali, amene analinso mkulu wa pamzikiti wathu, ananena pamaso pa anthu kuti ndikhale ndilere ana.

Patapita miyezi, mwalimu wathu wotsogolera swala anapeza malo ku tawuni n'kuchoka. Che Bwanali anabwera pakhonde langa ndi akuluakulu ena awiri.

"Akamwini, kuyambira mawa muziima kutsogolo."

"Ine? Alipo odziwa kuposa ine."

"Odziwa alipo. Koma tadziyang'anani pachipumipo. Anzanu amabwera ku Joni ndi dzino lagolide ndi fungo la mowa. Inu mwabwera ndi sijida."

"Che Bwanali, ichi ndi chitsulo. Paipi inaphulika."

Anaseka, n'kutembenukira kwa anzakewo. "Mwamva? Ndi mmene amayankhulira anthu oopa Mulungu. Ukamuyamikira, amanamizira paipi."

"Ndikunena zoona. Ndikawerama mutu umandipweteka kwambiri."

"Ifenso mawondo amatipweteka. Ndi kukula kumeneko."

Akanakhalapo Abiti Jafali, akanatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Ine ndinalibe pakamwa potero. Anali anthu amene anandisunga pamene akanatha kundichotsa. Ndipo ndisabise, penapake mumtima ndinakondwa. Mkamwini saitanidwa kutsogolo kawirikawiri.

Masiku oyamba zinayenda. Ndinkafupikitsa sijida, ndipo amalonda ankandiyamikira kuti sindichedwetsa anthu. Ndikabwerera kunyumba ndinkalowa mumdima n'kulipira.

Linafika tsiku lina la m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene othawa nkhondo ankalandira ufa pasukulu. Ambiri anabwera kudzaswali Alasiri, swala ya kumasana, matumba awo atawaunjika pakhomo, ndipo mzikiti unadzaza mpaka panja. Malata ankatentha ngati chiwaya. Timadontho tija tinayamba ndikutawaza, kusamba kokonzekera swala. Ndinayang'ana anthu amene anali atafola kale, ndipo ndinati mumtima, rakaa zinayi, kuima ndi kutsika kanayi, si zambiri.

Ziwiri ndinadutsa. Pa yachitatu ndinatsika, chipumi chinakhudza mkeka, ndipo sindinathe kudzuka. Sindinakomoke kwenikweni. Ndinkamva mpheta padenga. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kunena takibira, Allahu Akbar, kuti anthu adzuke, ndipo mawuwo ndinali nawo, koma lilime ndi khosi sizinali zanga.

Amene sadziwa swala ya pagulu sangamvetse chimene chinachitika. Wotsatira sadzutsa mutu wotsogolera asanadzutse. Choncho mzikiti wonse unakhala chiweramire, zipumi pansi, kudikira ine. Anandiuza pambuyo pake kuti poyamba ena anakondwa, poganiza kuti lero ndagwidwa ndi duwa yayikulu. Mkulu wina anati nyerere inamulowa m'mphuno, inatuluka, inabwereranso ndi inzake. Che Bwanali ananong'ona kuti "Subhanallah," monga timachitira pokumbutsa wotsogolera amene waiwala. Ananong'onanso. Palibe amene anafuna kukhala woyamba kudzutsa mutu pa munthu wa sijida pachipumi.

Amene anadzutsa anali Che Mussa, wothawa nkhondo wa mumzere wachiwiri, amene ndinkangomudziwa nkhope. Anamva kuti ndikupuma molakwika. Anayang'ana, anaona kuti ndasanza pamkeka, ndipo ananena takibira mokweza kuti anthu adzuke. Anakankhira Che Bwanali kutsogolo kuti amalize swala, yekha n'kundikokera panja pamthunzi, n'kundigoneka chammbali.

Nkhani inayenda m'mudzi. Ena ankati Che Mussa anaononga swala ya anthu, mlendo wosadziwa malo ake. Ena ankati ndinabwera ndi majini a pansi pa nthaka. Sindinakwiye nawo. Munthu akaona chinthu chimene sanaonepo amachipatsa dzina limene ali nalo. Koma kumzikiti ndinasiya kupita. Ndinkaganiza za mkeka umene ena anachapa.

Choipa kwambiri chinali cha kunyumba. Ndinkatawaza, ndinkaima, ndinkawerenga. Ikafika nthawi yotsika thupi linkakana, ngati mbuzi imene ikukokeredwa pamalo pamene inaona mpeni. Masiku ena ndinkadzikakamiza n'kugona mumdima mpaka mawa lake. Masiku ena ndinkangoima, n'kupinda mkeka. Kuyambira ubwana wanga swala sinandichokepo, ngakhale pa katoni pakati pa oledzera. Tsopano ndinayamba kuopa kuti yandithera.

Che Mussa anabwera m'mawa wina ndikuluka pakhonde. Anali wamfupi, wa mano otalikirana, ndipo Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chiyao ndi Chipwitikizi. Anali ndi zigubu ziwiri za madzi zomangirira pa mtengo wa paphewa. Anazitula, n'kukhala pansi osadikira kuuzidwa.

"Mwasowa, a ku Joni."

"Ndilipo."

"Mulipo kuno. Uko kulibe."

Ndinamuthokoza chifukwa cha tsiku lija, n'kumufunsa kuti anadziwa bwanji.

"Ndili naye wotere kunyumba," anatero. "Mayi a ana anga. Anyamata a mfuti aja anatisenzetsa katundu wawo. Iwo anatopa, anakhala pansi, wina n'kuwamenya ndi thako la mfuti apa." Analoza pamwamba pa khutu. "Atadzuka anawamenyanso. Bala palibe, mungafufuze m'tsitsi tsiku lonse. Koma kuyambira pamenepo sasenza kanthu pamutu, sawerama pamoto. Akamayamba amapuma ngati mmene munkapumira inu."

"Nanga swala?"

"Amakhala pansi, msana kukhoma. Pa rukuu, pamene ife timawerama manja pamawondo, amatsitsa mutu pang'ono. Pa sijida amatsitsa kuposerapo. Basi."

Lamulo limenelo ndinkalidziwa kuyambira ku madrasa. Wodwala amene sangathe kuima akhale, amene sangathe kukhala agone. Koma m'maganizo mwanga wodwala anali nkhalamba yonyamulidwa, kapena munthu wa mwendo umodzi. Ndinali ndisanazindikire kuti ndinabwera ndi lamulo la kumgodi lija, lakuti wodwala ndi wothyoka kapena wotuluka magazi.

"Iwo ndi amayi, amaswali kunyumba," ndinatero. "Ine ndikakhale pansi pakati pa amuna, miyendo ili bwinobwino, ndangochoka kumsika ndi njinga? Anthu adzati chiyani?"

"Adzanena."

"Ndiye mukuona."

"Ine amandinena tsiku lililonse pa mjigo. Ndimafola ndi azimayi, ndipo anandipatsa kale dzina, akuti Abiti Mussa. Wina dzana anandifunsa ngati ndili ndi pakati." Anaseka mpaka kutsokomola. "Amanena ndithu. Koma madzi amafika kunyumba."

Anasenza zigubu zake n'kumapita, mtengo ukulira paphewa.

Sindinapite tsiku lomwelo. Ndinayamba kunyumba, chitseko chili chotseka, ndipo poyamba zinkandimvekera ngati ndikunamiza wina. Lachisanu lina ndinavala mkanjo ndi mzuli n'kupita. Ndinasankha malo a kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khoma. Che Bwanali ndiye ankatsogolera, ndi mawondo ake omwewo. Anthu ataimirira ndinaima nawo, chifukwa kuima ndimatha. Pa rukuu ndinangotsitsa mutu. Atanena takibira ya sijida, onse anatsika, ine n'kukhala pansi, msana chowongoka.

Ndinatsala ndekha pamwamba. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo anthu ali pa sijida ndili pakati pawo, chifukwa nthawi zonse nkhope yanga inali pansi. Ndinaona misana yokhayokha, malaya a zigamba, mkanjo woyera wa wamalonda pafupi ndi juzi lobowoka la ku kaunjika. Ndinaona mapazi a mzere wa kutsogolo, zidendene zong'ambika, ena opanda zala, ena a zipsera za ulendo wa m'tchire. Sindinkadziwa kuti tonse timabwera nazo zambiri chotere.

Thupi linafuna kuwatsatira. Manja anali atayamba kale kupita kumkeka. Ndinawabweza pamawondo, ndinatsitsa chibwano mpaka pamene khosi linalola, ndipo ndinanena mawu a sijida katatu, mosathamanga, kwa nthawi yoyamba kuchokera ku Joni. Wa pambali panga anandiyang'ana ndi pakona pa diso podzuka. Ndinamusiya ayang'ane.

Mutu sunachire. Mpaka lero umabwera, ndipo ukabwera ndimalowa mumdima ndi nsalu yonyowa imene ndimadzimanga ndekha. Koma tsiku limenelo ndinafika pa salamu yotsekera swala pamodzi ndi anthu, maso akuona bwinobwino.

Panja, tikufufuza nsapato, Che Bwanali anandipeza. Anandiyang'ana pachipumi nthawi yaitali, ngati munthu amene wagula mbuzi n'kuzindikira kuti ndi nkhosa.

"Ndiye inali paipidi?"

"Inali paipi."

"Nanga mwakhala mukuswali bwanji nthawi yonseyi?"

"Movutika."

Anagwedeza mutu, n'kuvala nsapato imodzi. "Lero mwamaliza?"

"Ndamaliza."

"Alhamdulillah. Ifenso lero tadzuka nthawi yake." Anatsamira paphewa langa kuti avale inayo, ndipo anatsitsa mawu. "Pakhoma paja, akamwini, patsala malo a munthu wina?"